Wochedwa Lolemba ndi Lachinayi: lipoti la mnyamata wa Year 8 pa sukulu ya Ayuda ku London

Lipoti ili ndi la mnyamata wa zaka 12 wa Year 8, kalasi yachiwiri ya sekondale ku England, wa pa sukulu ya sekondale ya Ayuda kumpoto kwa London, kumene ndimagwira ntchito yothandiza ana amene maphunziro akuwavuta. Bwana wanga ndi mphunzitsi woyang'anira ana ofunika chithandizo chapadera, amene kuno timawatcha a SENCO, ndipo ndimakhala nawonso m'kagulu kounika kaundula sabata iliyonse. Dzina la mwana, la banja ndi la sukulu sinditchula, ndipo zina zimene zikanamuulula ndazisiya dala. Nkhaniyi ikuyambira mu Seputembala 2024 kukafika potsekera chaka cha sukulu mu Julayi 2025.

Sukulu ndi malamulo a kaundula

Sukuluyi imalandira ndalama za boma koma ndi ya Ayuda a Orthodox. Mwana amasenza maphunziro a mbali ziwiri tsiku lomwelo. Mbali ina ndi ya maphunziro a dziko lonse, masamu, Chingerezi, sayansi ndi ena, imene amati Chol. Mbali inayo ndi Kodesh: Tora (mabuku asanu a Mose) ndi ndemanga zake, Gemara (zokambirana za arabi akale), malamulo a Chiyuda ndi mapemphero. Tsiku limayamba ndi mapemphero a m'mawa, ndipo Lolemba ndi Lachinayi mapempherowo amatalikirapo chifukwa amatulutsa mpukutu wa Tora n'kuwerenga, monga zimakhalira m'masunagoge. Lachisanu m'nyengo yozizira timaweruka masana, pakuti mu Disembala Sabata imalowa 4 koloko isanakwane. Pachipata pamakhala alonda tsiku ndi tsiku.

Ku England kaundula amaitanidwa kawiri patsiku, chigawo cha m'mawa ndi chigawo cha masana. Mwana amene wajomba zigawo 10 pa 100 zilizonse amalowa m'gulu la ojomba kawirikawiri. Kuyambira pa 19 Ogasiti 2024 malangizo a boma pa nkhaniyi anasanduka lamulo: mwana akajomba popanda chilolezo zigawo 10 m'masabata 10 a sukulu, sukulu iyenera kuganizira za chindapusa cha mapaundi 80 kwa kholo lililonse, chimene chimakwera kufika 160 chikapanda kulipidwa m'masiku 21. Palinso kanthu kena kamene makolo ambiri sakadziwa. Mwana wofika kaundula atatseka kale amapatsidwa chilembo U, ndipo chilembochi chimawerengedwa kuti wajomba m'mawa wonse popanda chilolezo, ngakhale kuti pofika 10 koloko anali atakhala pampando wake.

Mmene nkhani inayambira

Ku Year 7 mnyamatayu analibe mlandu uliwonse m'kaundula. Aphunzitsi ankamudziwa kuti ndi woyankha bwino pakamwa, wochedwa polemba, wa masipelo osokonekera. Ena ankati ndi wosasamala chabe. Mu Seputembala 2024 anayamba kufika mochedwa apo ndi apo, ndipo amayi ake akaimba lamya ankati wadzuka ndi m'mimba.

Okutobala wa chaka chimenecho unali mwezi wovuta kuwerenga kaundula. Maholide a Chiyuda anatsatizana. Rosh Hashanah, chaka chatsopano cha Ayuda, inagwa Lachinayi ndi Lachisanu, pa 3 ndi pa 4. Sukkot inayamba Lachinayi pa 17. Shemini Atzeret inali Lachinayi pa 24, Simchat Torah Lachisanu pa 25. Masiku onsewa sukulu inali yotseka, choncho mwa masiku a Lachinayi asanu a mwezi umenewo, atatu sanalowe n'komwe m'kaundula. Mwezi wa maholide otere manambala a ana ambiri amaoneka oipa, chifukwa masiku a sukulu ndi ochepa ndipo kujomba kamodzi kumatsitsa mwana kwambiri. Aphunzitsi amazolowera kunena kuti tidikire maholide athe, zikhazikika zokha.

Kenako panali Lolemba la pa 7 Okutobala, tsiku limene chinakwana chaka chichitikireni chiwembu cha Hamas ku Israel. Mnyamatayu sanabwere tsiku lonse, ndipo sanali yekha. Apa aliyense anapeza yankho: mwanayu ali ndi mantha. Yankho limeneli silinali lopanda nzeru. Mu 2023 bungwe loona za chitetezo cha Ayuda la Community Security Trust linalemba nkhani za chidani kwa Ayuda zoposa 4,000 m'dziko la Britain, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Mabanja ambiri a pasukulu pathu ali ndi abale ku Israel. Ana ena ankabisa baji ya yunifolomu akakwera basi. Amayi ake nawo anati mwina akuopa panjira, ndipo bambo ake anayamba kumuperekeza pagalimoto masiku ena. Kuchedwa sikunathe. Galimoto inkaima pakhomo, mwana ali m'chimbudzi atadzitsekera.

Pakati pa Novembala, maholide atatha ndipo masabata akuyenda athunthu, ndinakopera kaundula wake papepala, tsiku lililonse la sabata mzere wakewake. Kompyuta imatipatsa nambala imodzi yokha, peresenti ya zigawo zimene mwana wabwera kusukulu, ndipo peresenti imeneyo inali itatsika kale pansi pa 90, koma sinena kuti watsikira pati. Papepala zinaonekeratu. Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu ankafika nthawi yabwino, basi yomweyo, yunifolomu yomweyo, msewu womwewo. Ma U onse anaunjikana Lolemba ndi Lachinayi. Mantha a panjira sasankha tsiku la sabata.

Tisanapite patali tinayamba tachotsa zoopsa, monga lamulo likufunira. Ndinakauza mphunzitsi woyang'anira chitetezo cha ana, ndipo iye anafufuza ngati pali nkhanza kunyumba kapena kuzunzidwa ndi anzake. Sipanapezeke kanthu. Dokotala wa banjalo anamuyeza m'mimba osapeza matenda. Ndinalemba m'fayilo kuti kupweteka kwa m'mimbako tikuone ngati kwenikweni, chifukwa nkhawa imapotokoladi m'mimba, ndipo mwana amene wamva kuti akuluakulu akumuyesa wabodza amatseka pakamwa.

Zimene mwana ananena

Sindinamufunse chifukwa chimene amajombera. Funso limenelo anali atafunsidwa kale ndi aliyense, ndipo yankho lake linali loti sakudziwa. Ndinalemba mbali za sabata yake patimakhadi, basi, chipata, mapemphero, masamu, nthawi yopuma, Chumash (phunziro la Tora), Gemara, masewera ndi zina, n'kumupempha atisanje kuyambira chopepuka kufika cholemera. Basi anaiika kwa zopepuka. Khadi limodzi sanalisanje n'komwe, analitembenuza chafufumimba n'kulikankhira kumapeto kwa tebulo. Linali la leyning, kuwerenga Tora mokweza ndi kayimbidwe kake.

Pasukulu pathu, Lolemba ndi Lachinayi mapemphero akatha, a Rabi ophunzitsa Kodesh amatsala ndi anyamata amene bar mitzvah yawo, mwambo wosonyeza kuti mnyamata wakula pa zaka 13, ikubwera chaka chimenecho, ndipo aliyense amaimirira n'kuwerenga mbali yake anzake akumva. Mnyamatayu amakwanitsa zaka 13 mu Juni 2025. Analowa m'gululo mu Seputembala.

"Aphunzitsi," anatero maso ali patebulo, "anzanga amaona mawu. Ine ndimaona zilembo, ndipo ndikamafika kumapeto kwa liwu ndimakhala nditaiwala poyambira." Patapita kanthawi anawonjezera: "Agogo akhala akuwerenga Tora kusunagoge kwathu bambo asanabadwe. Bambo pa bar mitzvah yawo anawerenga gawo lonse la Tora la sabata imeneyo. Ndipo munthu ukalakwitsa, anthu amakukonza mokuwa."

Zimenezi ndi zoona. Powerenga Tora pagulu, liwu likalakwika mosintha tanthauzo, oimirira pambali amakonza pomwepo, ndipo nthawi zambiri amuna a m'mipando amathandizira. Kwa iwo ndi ulemu kwa mawu opatulika. Kwa mwana amene akudziwa kuti alakwitsa mzere uliwonse, ndi chinthu chosagonetsa tulo miyezi isanu ndi inayi tsikulo lisanafike.

Chifukwa chake vuto linatulukira ku Chihebri

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene aphunzitsi a mbali ya Chol amasokonekera. Amafunsa kuti ngati mwanayu ali ndi dyslexia, vuto la kuwerenga ndi kulemba, anadutsa bwanji pulayimale yonse osadziwika?

Anadutsa ndi nzeru zake. M'Chingerezi ankawerenga zilembo zoyamba za liwu n'kulota zotsalazo kuchokera pa nkhani, ndipo popeza amadziwa mawu ambiri ndiponso amamvetsera bwino, ankalota molondola kawirikawiri. Mapemphero a tsiku ndi tsiku anawaloweza pamtima ali wamng'ono, choncho akagwira buku la mapemphero milomo inkayenda ngati akuwerenga. Gawo la Tora linali lachilendo, ndipo Chihebri cha m'Baibulo sachimva mokwanira kuti alote liwu lotsatira. Ndodo imene ankayendera inachoka. Amene anaonapo ana a ku Mangochi kapena ku Machinga ali kumadrasa, akutsata zilembo za Chiarabu ndi chala kuchoka kumanja kupita kumanzere m'chinenero chimene salankhula kunyumba, akudziwa ntchito imene maso ndi mutu zimagwira pamenepo.

Chihebri chimalembedwa kuchoka kumanja. Mavawelo si zilembo koma timadontho ndi timizere, tambiri tili pansi pa chilembo, choncho diso liyenera kutsika ndi kukwera pa chilembo chilichonse. Zilembo zina n'zofanana kwambiri: dalet ndi resh, bet ndi kaf, hey ndi chet, vav ndi zayin. Ndiye mwana wa Year 8 sakumana ndi kalembedwe kamodzi. Pali zilembo zosindikiza, pali za pamanja zimene amalembera m'kope, pali za ndemanga ya Rashi, rabi wakale wotchuka, zomwe maonekedwe ake ndi ena, ndipo Gemara mbali yaikulu ndi Chiaramu chopanda timadontho. Mumpukutu wa Tora weniweniwo mulibe mavawelo, mulibe zizindikiro za kayimbidwe, mulibe mipumiro. Zonsezo wowerenga amazisunga m'mutu. Kwa mwana amene mutu wake sugwira zinthu zambiri nthawi imodzi, katundu ameneyu ndi woposa msinkhu.

A SENCO anamuyeza koyamba mu Disembala. Mayeso amene tili nawo pasukulu ndi a Chingerezi okha. Anaonetsa kuti pa kuganiza ndi kumvetsa zolankhulidwa ali pamwamba, koma pa kugawa liwu m'timaphokoso take, kutchula zinthu mofulumira ndi kuwerenga mawu ongopeka amene sangalotedwe, ali pansi kwambiri. Za Chihebri ndinapempha a Rabi kuti tikhale limodzi, mwana awerenge mizere ingapo imene sanaionepo, iwo azilemba liwu lililonse lolakwika ndi mmene lalakwikira. Sindinawauze zoti ayang'ane. Atamaliza anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali. Zolakwazo zinali zobwerezabwereza, zilembo zofanana zija ndi mavawelo osinthanitsidwa malo. "Miyezi yonseyi ndimayesa sakukonzekera kunyumba," anatero. Chinapezeka n'chakuti ankakonzekera usiku uliwonse mpaka misozi.

Kukumana ndi makolo

Kalata yoitana makolo ndinapempha kuti isatumizidwe Lachisanu. Uthenga wodetsa nkhawa ukafika Lachisanu masana umagona pamtima pa kholo maola 25 a Sabata, lamya ili yozimitsa, popanda womufunsa. Tinawaitana Lachiwiri.

Amayi atamva zimene tapeza anapuma mpweya wautali, anati ankadziwa kuti pali china. Bambo sanasangalale. "Aphunzitsi, mwana wanga si wopusa. Ndipo sindikufuna pepala lonena kuti ali ndi vuto lizikayenda m'manja mwa anthu. Kuno tonse timadziwana. Ali ndi alongo ake."

Nkhawa imeneyi si umbuli. M'mabanja ena a Orthodox ukwati umayamba ndi ankhoswe odziwitsa mabanja, ndipo anthu amafunsa za banja lonse. Bamboyu ankateteza ana ake atatu nthawi imodzi. Ndinawauza zinthu ziwiri mosapita m'mbali. Choyamba, malamulo a ku England a ana ofunika chithandizo chapadera, amene akugwira ntchito kuyambira 2015, safuna kuti mwana akhale ndi dzina la vuto kuti athandizidwe. Sukulu imaunika, imakonza dongosolo, imalichita, n'kubweranso kudzaona ngati lagwira. Chachiwiri, fayilo ya mwana imaonedwa ndi okhawo ofunika kumuthandiza. Ndinawauzanso kuti ma U afika pamene lamulo likutiuza kuganizira za chindapusa, kuti ife sitikufuna kupita kumeneko popeza malangizo omwewo akuti chithandizo chiyambe, koma kuti kaundula sitimunamiza. Mnzanga wina anaganiza zoti tizimulemba chilembo chofewerapo kuti banja lisavutike. Ndinakana. Kaundula ndi chikalata cha lamulo, ndipo kulembedwa moona kwake ndiko kunatithandiza kuona mwanayu.

Bambo anavomera chithandizo, kuyeza kwa katswiri anakana. Anadzavomera mu Febuluwale ataona kusintha. Mzere wodikira katswiri wa kukhonsolo unali wautali moti banjalo linalipira lokha, ndipo lipoti linatsimikiza dyslexia. Zimandipweteka kuti banja lopanda ndalamazo likanadikira mwina mpaka bar mitzvah itadutsa. Tinawauzanso za mabungwe a Norwood ndi Jami, amene amathandiza mabanja a Chiyuda pa nkhani za ana ndi za umoyo wa m'maganizo. Anati akadzafuna adzapita.

Mfundo imene inamasula zonse sinachokere kwa ine. A Rabi a pasukulu anakalankhula ndi a Rabi a kusunagoge kwawo, ndipo awiriwo anakhala pansi ndi bambo ndi agogo. Anawakumbutsa kuti m'malamulo a Chiyuda mnyamata amakhala bar mitzvah pokwanitsa zaka 13, awerenge kapena asawerenge. Chimene chimachitika pagulu ndi kuitanidwa ku Tora n'kunena madalitso. Kuwerenga gawo lonse la sabata ndi mwambo wokongola, koma si lamulo. Mawu amenewa ndikanawanena ine, mlendo pa chipembedzo chawo, sakanalemera. Anagwirizana kuti mwambowo uchitike Lachinayi m'mawa, pamene kuwerenga kumakhala kwakufupi ndipo oitanidwa ndi atatu okha. Agogo awerenge mbali ziwiri zoyamba, mdzukulu awerenge mavesi ochepa a mbali yachitatu.

Zimene tinachita

Kuwerenga pamaso pa anzake kunaima tsiku lomwelo. Lolemba ndi Lachinayi ndinkamulandira pachipata, tinkalowa limodzi m'mapemphero, ndipo anzake akatsala ndi a Rabi iye ankapita nane m'chipinda chathu. Aphunzitsi onse, a Chol ndi a Kodesh, anauzidwa kuti asamuloze kuwerenga mwadzidzidzi. Akafuna awerenge, amupatse ndimeyo dzulo lake.

Mavesi ake tinawasindikiza ndi zilembo zazikulu, mizere yotalikirana, zilembo zosokoneza zija zitapakidwa mitundu yosiyana. A Rabi anajambula mawu awo akuimba vesi lililonse pang'onopang'ono kuti azimvetsera akutsata ndi chala. Anamufotokozeranso tanthauzo la liwu lililonse, kuti ndodo yake ija ibwerere. Timadontho tinkachotsa vesi limodzi limodzi, pokhapokha lapitalo litakhazikika. Kuyeserera kwa usiku kotalika tinaletsa, m'malo mwake mphindi khumi tsiku lililonse. Chingerezi chinali ndi nthawi yakeyake, kubwerera ku timaphokoso ta zilembo ndi masipelo, ndipo anayamba kulembera ntchito zazitali pa laputopu.

Panali mkangano wa kumene nthawi imeneyi ichokere. Ena anati tiidule ku Kodesh, popeza Gemara sailemba pa mayeso a boma. Njira imeneyi ndi yosavuta pa ndondomeko ya maphunziro, ndipo ndikuona kuti ndi yolakwika. Banjali linasankha sukuluyi chifukwa cha Kodesh. Moyo wa mwanayu Loweruka, patebulo la kwawo, pakati pa anzake, wazungulira pamenepo. Kumutulutsa m'kalasi imeneyo kukanamuuza kuti mbali imene ikumupanga kukhala wa kwawo ndi imene sangaithe. Ndipo mwana amene wakhala akuzemba chinthu, mukamuchotserako chonse, mantha ake amangonenepa. Makolo ndi mphunzitsi wamkulu atavomera, tinadula maola a Chifalansa, chinenero chachitatu chimene chinkangomuonjezera katundu.

Mmene zinayendera

Kuyambira Januwale ma U anachepa, ndipo m'Malichi anatha. M'mimba munkapwetekabe Lolemba lina, koma ankabwera nazo n'kudzandiuza. Tchuthi cha Pesach, Paska wa Ayuda, chimene chinali pa 13 mpaka 20 Epulo, chitatha, anabwereranso m'mbuyo. Lolemba ndi Lachinayi loyamba anachedwa. Patchuthipo abale anali atasonkhana, ndipo aliyense ankamufunsa kuti adzawerenga mbali iti. Tinapempha kuti azipita ndi agogo kusunagoge kukakhala kopanda anthu, akayeserere pa mpukutu weniweni, ataimirira pamalo pamene adzaime. Agogo analankhulanso ndi akuluakulu a sunagoge kuti tsikulo wokonza adzakhale iwo okha, monong'ona. Sabata yotsatira anafika nthawi yabwino.

Bar mitzvah inachitika mu Juni monga anapangana. Malinga ndi a Rabi a pasukulu amene analipo, anawerenga mavesi ake, anakakamira pa liwu limodzi, agogo anamuuza, anapitiriza mpaka kumapeto. Kuchokera pamenepo mpaka potsekera sanachedwenso Lolemba kapena Lachinayi, ndipo kawiri anavomera kuitanidwa ku Tora pa mapemphero a pasukulu kukanena madalitso.

Zotsala

Peresenti yake ya chaka chonse inatherabe pansi pa 90 chifukwa cha zimene zinatayika teremu yoyamba, choncho m'mabuku akuonekabe wojomba kawirikawiri. Ndaika kalata m'fayilo yofotokoza chifukwa chake kuti mphunzitsi wa Year 9 asayambe naye ndi kukayikira. Chindapusa sichinaperekedwe.

Gemara ikumuvutabe kwambiri. Tsamba lake ndi lodzaza, lopanda mavawelo, ndemanga zitazungulira m'mbali, ndipo zimene tinachita ndi mavesi ochepa sizingachitike pa tsamba lililonse. A Rabi akufuna kuyesa mabuku osindikizidwa ndi timadontho, ndi kumupatsa mnzake wophunzira naye awiriawiri amene aziwerenga mokweza iye n'kumatsutsa ndi kufunsa, pakuti pamenepo ndi pamene ali wamphamvu. Masipelo a Chingerezi akwera pang'ono chabe. Tayamba kusunga umboni wa mmene amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku, laputopu ndi nthawi yoonjezera, kuti pofika mayeso a boma a GCSE tidzathe kumupemphera nthawi yoonjezera ya 25 peresenti.

Pasukulu pasintha zinthu ziwiri. Kagulu ka kaundula tsopano kamaona mwana aliyense wotsika motsata masiku a sabata, kalendala ya Chiyuda ili pambali. Ndipo aphunzitsi a Kodesh avomera kumvetsera mwana aliyense wa Year 7 akuwerenga ndime ya Chihebri imene sanailoweze, teremu yoyamba isanathe, n'kutumiza kwa a SENCO amene zolakwa zawo zikubwerezabwereza.

Ndi banjali tinapangana kukumana sabata yachiwiri ya Seputembala 2025. Chaka chimenecho Rosh Hashanah inkagwa pa 23 ndi 24, Yom Kippur, tsiku la chitetezero, pa 2 Okutobala, kenako Sukkot, ndipo tinkafuna dongosolo la Year 9 likhale litayamba kuyenda kaundula asanayambenso kudukizadukiza.